MAWAYA AKALE NDI DENGA LOZIZIRA: NGOZI ZIWIRI M'NYUMBA IMODZI

Pa Boma la Mulanje ndi m'maesiteti a tiyi ozungulira muli nyumba zambiri za malata zimene zinamangidwa kale kwambiri. Makoma ake akadali olimba, koma pakati pa malata ndi siling'i pamabisala zinthu zimene zingathe kudwalitsa kapena kupha banja lonse.

KUZIZIRA NDI CHINYONTHO

Mulanje ndi limodzi mwa maboma amene amalandira mvula yambiri m'Malawi. M'miyezi ya June ndi July chiperoni chimakuta phiri masiku angapo, ndipo malata amazizira msanga dzuwa likalowa. Usiku mpweya wofunda wa m'nyumba ukagunda malata ozizirawo umasanduka madontho amene amagwera pa siling'i. Nyumba yotere imachita nkhungu, ndipo anthu a mphumu, makanda ndi nkhalamba ndiwo amavutika koposa.

Pofuna kuthawa kuzizira, mabanja ena amagona ndi mbaula ya makala atatseka zitseko ndi mazenera. Makala amatulutsa mpweya waululu wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. Njira yabwino ndiyo kukonza denga kuti lisunge kutentha. Ena amayala chipepala chonyezimira kunsi kwa malata, ena amayala ubweya wagalasi pamwamba pa siling'i. Zimenezi zimathandizanso kuti nyumba isatenthe kwambiri mu October. Udzu, utuchi ndi makatoni sizoyenera konse, pakuti zimayaka msanga ndiponso zimaitana makoswe.

MAWAYA AYAMBE KUKONZEDWA

Ntchito yofunditsa denga isayambe mawaya a magetsi asanaonedwe. Mawaya akale kwambiri anali okutidwa ndi mphira, osati pulasitiki monga a masiku ano. Pakapita zaka mphirayo imauma ndi kunyenyeka chifukwa cha kutentha kwa malata. Makoswe amaitafuna, ndipo madzi odontha amachititsa dzimbiri molumikiza. Nyumba imene inadontha kapena kunyowa ndi namondwe Freddy mu March 2023 iyenera kuonedwa ngakhale magetsi ake akuyaka bwino.

Waya aliyense amatentha pang'ono magetsi akamadutsa. Akaphimbidwa ndi chofunditsa denga, kutenthako kumasowa kothawira, ndipo waya wowola angathe kuyambitsa moto pamalo pamene palibe wouona. N'chifukwa chake mawaya atsopano ayenera kuyenda m'mapaipi kapena pamwamba pa chofunditsacho, ndipo polumikiza ponse pakhale m'kabokosi kotseka.

Zizindikiro za ngozi ndi izi: babu lothwanima lokha, switchi yotentha kapena yakuda, fungo la mphira yopserera, fiyuzi yoduka kawirikawiri, ndi nyesi yogwira munthu akakhudza chitsulo cha nyale. Kumanga fiyuzi ndi waya wokhuthala kapena msomali ndi kuitana moto, chifukwa ntchito ya fiyuzi ndiyo kuduka nyumba isanapse. Mababu a LED ndi abwino: la mawati 9 limawala ngati lakale la mawati 60, koma silitentha kwambiri.

NDANI AGWIRE NTCHITOYI?

ESCOM imabweretsa magetsi mpaka pa mita, koma mawaya a m'kati ndi udindo wa mwini nyumba. Magetsi a m'nyumba ali ndi mphamvu ya mavoliti 230, yokwanira kuimitsa mtima. Choncho ntchitoyi ndi ya mmisiri amene ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA, osati mnansi wongodziwa kulumikiza wailesi. Wokhala m'nyumba yalendi kapena ya kuntchito adziwitse eni ake msanga.

Wokwera kudenga ayambe wazimitsa switchi yaikulu, akwere m'mawa malata asanatenthe, ndipo aponde pa mitanda yokha. Atseke mphuno ndi pakamwa chifukwa fumbi la zitosi za mileme ndi makoswe limadwalitsa mapapo. Nyumba zina zakale zili ndi siling'i ya asibesitosi. Imeneyi isaboolodwe kapena kuchekedwa, pakuti fumbi lake limayambitsa khansa patapita zaka zambiri.

NGOZI IKAGWA

Munthu wogwidwa ndi magetsi asakhudzidwe ndi manja. Wothandiza azimitse switchi yaikulu, kapena amkankhe ndi mtengo wouma ataima pouma. Moto wa magetsi usathiridwe madzi magetsiwo asanazimitsidwe. Bala lamoto lithiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Wovulalayo apite naye ku chipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha pa Boma ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa magetsi amavulaza mtima ndi minofu ya m'kati.

Nthawi yabwino yogwira ntchito zonsezi ndi August ndi September, chiperoni chitachepa ndipo mvula isanayambe. Mwini nyumba amene ndalama zamchepera ayambe ndi mawaya ndi kumata podontha. Chofunditsa denga chingathe kudikira chaka chamawa.