Atachimenti ndi internship: njira zolowera pantchito kwa achinyamata a ku Zingwangwa

Wophunzira wa kuyunivesite amakumana ndi mitundu iwiri ya kuphunzira ntchito pamalo a ntchito. Woyamba ndi atachimenti, yomwe imachitika maphunziro ali mkati ndipo ndi gawo la digiri kapena dipuloma. Wachiwiri ndi internship, yomwe imabwera munthu atamaliza sukulu. Zonsezi si kulembedwa ntchito, ndipo n'zosiyananso ndi nthawi yoyesedwa, yomwe lamulo la Employment Act la 2000 limalola kuti ifike miyezi 12 kwa wantchito waluso amene walembedwa kale.

Atachimenti imayendetsedwa ndi sukulu. Ophunzira uinjiniya ku MUBAS, yomwe inali Polytechnic mpaka yunivesite ya Malawi itagawidwa mu 2021, amatumizidwa kumafakitale ndi kumabungwe monga ESCOM kapena Blantyre Water Board. Sukulu imapereka kalata, koma kawirikawiri malo amasaka yekha wophunzirayo. Ophunzira zaumisiri ku Soche Technical College amadutsa njira yofananako pansi pa TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo limathandizidwa ndi ndalama zomwe olemba ntchito amasonkha. Amene akuphunzira uphunzitsi nawo amakayeserera m'kalasi, m'sukulu ngati sekondale ya Zingwangwa.

Pantchito zina, internship ndi lamulo. Dokotala wotuluka kuyunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amayamba wagwira miyezi 18 moyang'aniridwa, pachipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth, asanalembedwe mokwanira m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Kwa ena onse khomo lalikulu ndi pulogalamu ya boma yomwe unduna wa zantchito unayambitsa mu 2018, yotumiza omaliza maphunziro kumaunduna ndi kumakhonsolo. Poyamba ankalandira K80,000 pamwezi. Ndalamayi ndi yongothandizira, si malipiro, ndipo pulogalamuyi silonjeza ntchito yokhazikika pamapeto pake.

Apa nkhani ya mtunda imalowererapo. Zingwangwa ili pafupi ndi Ginnery Corner, Chichiri ndi chipatala cha Queen Elizabeth, moti wachinyamata wokhala pamakolo angathe kufika pamalowa ndi minibasi imodzi, ngakhale wapansi tsiku lomwe m'thumba mwauma. Wopita ku Makata kapena ku Chirimba ayenera kuwerengera ya minibasi ziwiri ndi chakudya chamasana asanavomere malowo, chifukwa makampani ambiri salipira wa atachimenti. Malo otchuka omwe munthu azilephera kufikako masiku ena samupindulira ngati kakampani kapafupi komwe azipezeka m'mawa uliwonse.

Chomwe chimatsala nthawiyi ikatha ndi umboni wa zomwe munthu wagwira. Ophunzira a atachimenti amapatsidwa logbook, buku lolembamo ntchito ya tsiku lililonse, ndipo woyang'anira amasainira. Ambiri amalidzaza sabata yomaliza, mawu ake amodzimodzi tsamba ndi tsamba, ndipo mphunzitsi wobwera kudzayendera amazindikira msanga. Buku lolembedwa bwino limatchula makina omwe anagwiritsidwa ntchito, vuto lomwe linapezeka ndi momwe linakonzedwera. Zimenezi n'zomwe zimadzalowa mu CV. Wolemba ntchito sakhutira ndi mzere wonena kuti munthu anakhala miyezi isanu ndi umodzi pakampani yakutiyakuti; amafuna kumva kuti analemba malipoti a ndalama a mwezi ndi mwezi, kapena anayeza madzi m'labotale. Wa internship amene sanapatsidwe buku lotere, ndi bwino kudzisungira lake.

Vuto lodziwika ndi losandutsidwa mtumiki wa muofesi, wofotokopa mapepala ndi kukagulira mabwana chakudya. Mankhwala ake ndi kupempha, sabata yoyamba yomweyo, kuti woyang'anira atchule ntchito zenizeni zoti ziphunziridwe, ndipo zikapitirira kusokonekera wophunzira adziwitse dipatimenti yake kusukulu.

Kalata ya umboni imapemphedwa nthawi isanathe, woyang'anira akadakumbukira nkhope ndi ntchito ya munthuyo. Ikhale papepala la kampani, itchule masiku oyambira ndi omalizira komanso ntchito zomwe zinagwiridwa. Wofuna kutchula woyang'anirayo ngati mboni pa CV ayambe wamupempha chilolezo. Owerengera ndalama ndi mainjiniya asungenso makope a zonsezi, poti mabungwe awo, ICAM ndi Malawi Engineering Institution, amafunsa umboni wa ntchito yoyang'aniridwa asanamulembe munthu ngati katswiri.