Ana a otizimu: kodi kafukufuku wa chibadwa amawerenga ndani?

Lero tili ku Kachebere, m'boma la Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia, kumene ansembe a White Fathers anatsegula seminale mu 1939. M'midzi ya Achewa ndi Angoni yozungulira kuno, monga kwina konse, mumapezeka mwana amene wafika zaka zinayi asakuyankhula, sayang'ana munthu m'maso, ndipo chigayo chikalira amatseka makutu. Ena amati walodzedwa, ena amati bambo ake anamukhwimira kuti alemere. Madokotala amati vutoli nthawi zambiri ndi otizimu, ndipo mbali yaikulu ya gwero lake ili m'chibadwa chimene timatengera kumtundu.

Kodi nzeru zimenezi zinachokera kwa ana a kuti? Mu 1943, dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, ku America, anafotokoza za ana 11: anyamata 8, atsikana 3. Mpaka lero, pa mtsikana mmodzi wopezeka ndi otizimu pamakhala anyamata pafupifupi anayi, ndipo akatswiri akuona kuti atsikana ambiri amaphonyedwa chifukwa amabisa zizindikiro.

Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2019 anaunika DNA ya anthu a otizimu oposa 18,000, ambiri a ku Denmark, onse ochokera ku mitundu ya ku Ulaya. Ku America, ntchito ya SPARK, imene inayamba mu 2016, inaika cholinga chosonkhanitsa mabanja 50,000 a m'dzikolo. Chonsecho Africa ndi kumene chibadwa cha anthu chili chosiyanasiyana kuposa kwina kulikonse. Kusiya ana athu kunja kuli ngati kuyeza chimanga cha m'nkhokwe yonse poyang'ana chitsononkho chimodzi.

Palinso nkhani ya mmene anawo alili. Kuti mwana alowe m'kafukufuku, ayambe wapimidwa. Kuno kwathu, amene amafika kuchipatala nthawi zambiri ndi uja vuto lake lakula: sayankhula n'komwe, amagwa khunyu, kapena kusukulu zinthu sizikulowa. Amafikanso atakula kale. Wa zizindikiro zochepa amangotchedwa wamanyazi kapena wosamva. Kumene kuli malungo okhudza ubongo ndi mavuto a pobereka, dokotala amafunika kusiyanitsa mosamala zakumtundu ndi zobwera ndi matenda.

Zinthu zayamba kusintha. Kafukufuku wa NeuroDev wakhala akugwira ntchito ndi mabanja a ku Kilifi ku Kenya ndi ku Cape Town ku South Africa, kuunika DNA ya ana ndi makolo awo. Kuno ku Malawi kunapangidwa chida cha MDAT, chofalitsidwa mu 2010, chopimira kakulidwe ka mwana pogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wakumudzi amazidziwa.

Inu agogo ndi amalume, eni mbumba, ndinu amene mumadziwa amene anachedwa kuyankhula kuchikazi kapena kuchimuna. Mbiri imeneyo dokotala amaifuna. Amayi ndi abambo, musamutsekere m'nyumba mwanayo. Mutengereni kusikelo, muwafotokozere alangizi a zaumoyo, mupemphe kalata yopita kuchipatala cha boma ku Mchinji kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ndipo ofufuza akadzafika, mufunse zimene adzachite ndi magazi kapena malovu a mwana wanu musanavomere. Mwana akalembedwa m'kaundula wa chipatala, boma ndi ofufuza sangathenso kunena kuti otizimu kuno kulibe.