Moto wa Tchire ndi Nyumba Zathu

Mu Ogasiti ndi Seputembala udzu umauma gwa. Mphepo imakula kuno ku Ntengo-Wambalame. Wina akatentha tchire posaka mbewa, moto umathamangira kumudzi. Denga la udzu ndi nkhokwe sizichedwa kupsa. Mu Seputembala 2008 moto wotere unapha anthu oposa 30 ku Manica, Sofala ndi Zambézia.

Nanga nyumba ikapsa, atithandiza ndani? M'matauni ena amagula inshuwalansi, imene pa Chipwitikizi amati seguro. Anthu ambiri amapereka ndalama pang'onopang'ono ku kampani, monga EMOSE. Nyumba ya mmodzi ikapsa, kampani imamulipira. Koma makampani ali kutali, ndipo ambirife ndalama timaziona pokhapokha tikagulitsa mbatatesi.

Njira yomweyo tingaitsate m'kopaletivi mwathu. Pokolola, banja lililonse lisonkhe dengu la chimanga. Mlembi alembe m'buku. Nyumba ya mnzathu ikapsa, timupatse chimangacho, tim'mwetere udzu, tim'dulire mitengo. Amfumu akauze akuluakulu a posto kuti bungwe la boma loona za ngozi, INGD, limve msanga.

Udzu usanaume, tilambule kuzungulira mudzi. Nkhokwe ya gulu tiimange patali ndi nyumba, kuti zisapsere limodzi.