Mfuti imalasa kutsogolo, khutu limavulala kumbuyo

Mlenje akamachoka m'madambo a nyanja ya Chilwa, mbali ya Phalombe, amawerenga abakha amene wapha. Zoti m'khutu mukulira ngati mwalowa nyenje sazilabadira, amangoti zisiya zokha pofika mawa. Nthawi zambiri kulirako kumasiyadi, koma chimene chawonongeka mkatimo sichibwerera mwakale.

Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo. Anthu ocheza pakhonde amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati munthu asapitirire maola 8 ali paphokoso la madesibelo 85, ndipo likangokwera ndi 3, nthawiyo imadulidwa pakati. Chifefe chikalira chimafika pa madesibelo 150 kapena kuposa, ndipo mfuti zikuluzikulu zophera mvuu ndi njovu, monga .375 ndi .458, sizichepera pamenepo. Apa kuwomba kamodzi kokha n'kokwanira kuvulaza khutu.

Mkatikati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo ta tiubweya pafupifupi 16,000 timene timalandira mawu n'kuwatumiza ku ubongo. Timaseloti tikafa sitimeranso. Toyamba kufa ndi tomvera mawu okwera, onga a mwana kapena a mbalame. N'chifukwa chake mlenje wakale amamva ndithu kuti mnzake akuyankhula, koma akakhala pagulu pamsika wa Migowi kapena Chiringa mawuwo samawatola. Kwa munthu wowombera paphewa lamanja, khutu lamanzere ndi limene limayamba kugontha, pakuti ndi limene limaloza kukamwa kwa mfuti pomwe lamanja labisala kuphewa.

Mfuti yaikulu imamenya phewa ikalira. Pofuna kuchepetsa ululuwo, alenje ena a ku South Africa ndi America amamangirira kachitsulo kotchedwa muzzle brake kukamwa kwa mfuti. Kachitsuloka kali ndi mabowo m'mbali, ndipo mpweya wa wonga umene ukadathamangira kutsogolo umatulukira m'mabowomo, kulowera m'mbali ndi chakumbuyo. Phewa limapumadi, koma phokoso limabwerera kwa wowombayo ndi kwa aliyense amene waima pambali pake. Wonyamula nyama, amene sanagwire n'komwe mfuti, ndi amene angavulale kwambiri.

Chitetezo chake si chovuta. Pali timasiponji tolowetsa m'makutu, palinso zophimba makutu zooneka ngati mahedifoni. Pa mfuti yaikulu, makamaka yokhala ndi kachitsulo kaja, valani zonse ziwiri pamodzi. Thonje kapena kansalu kopindira m'khutu sikaletsa phokoso kwenikweni. Ana asayandikire pamene mfuti ikuwombedwa. Langizo lotseka makutuli likukhudzanso ogwira ntchito m'zigayo, owotcherera zitsulo ndi ocheka matabwa ndi macheka a injini, ngakhale kwa iwo kugontha kumabwera pang'onopang'ono.

Ngati m'khutu mukulira osaleka, mukutuluka magazi, kapena mwasiya kumva mwadzidzidzi, musathiremo mafuta kapena madzi a zitsamba. Pitani msanga kuchipatala cha boma cha Phalombe kapena cha Holy Family. Pakafunika kuyeza mozama adzakutumizani ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli gawo loyeza makutu ndi kupereka timakina tothandiza kumva. Timakinato timangokweza mawu, sititsitsimutsa timaselo takufa. Tsekani makutu musanakoke chowombera.