Nkhuku Zasamuka, Mkango Wadzuka

Nkhuku za amayi zinkaikira mazira mu Peugeot 504. Thadzi lakuda linkafungatira pampando wa dalaivala, misoti inkagona pansi pa chiwongolero, ndipo tambala ankakwera padenga m'bandakucha kukalengeza kuti kwacha. Galimotoyo inakhala pa njerwa kuseri kwa chigafa cha fodya, pansi pa mtengo wa mango, kwathu kum'mawa kwa Mponela m'boma la Dowa, kuyambira 1999 mpaka 2021. Penti inasuluka, dzimbiri linaifiiritsa ngati chulu. Mavu anamanga zisa pagalasi, makoswe anagawana malo mu injini, ndipo pakati pa bampala ndi rediyeta panamera papaya amene anafika pobereka. Adzukulu ankangoitchula kuti khola, ndipo ukawatuma kukatola mazira ankadziwa chitseko chimene chimatseguka.

Inatha pang'onopang'ono ngati nkhokwe. Njala ya 2002 itafika povuta, abambo anapereka matayala onse anayi ndi malimu ake kwa mkulu wina wa ku Madisi, amene anawamanga kungolo zake ziwiri natipatsa chimanga. Batire inapita kwa mnyamata woonetsa kanema pamsika. Mpando wakumbuyo unasamukira pakhonde, ndipo ankhoswe a maukwati atatu a m'banja mwathu anakambira nkhani zawo atakhala pomwepo. Chimodzi chokha abambo anakana nacho: kamkango ka kutsogolo kaja, chizindikiro cha Peugeot. Anakamasula okha, nakakulunga m'kansalu, nakasunga m'sutikesi pamodzi ndi bulubuku.

Chikondi chawo pa galimotoyi chinayamba asanaikhudze n'komwe. Pa Isitala ya 1975, ali mphunzitsi wachinyamata wokwera njinga yakapalasa, anamva pawailesi kuti Ove Andersson wa ku Sweden wapambana mpikisano wa Safari ku Kenya, m'matope ndi m'miyala, pa Peugeot 504. Mu 1978 Jean-Pierre Nicolas anapambananso pa 504 ina. Nkhaniyi tinaimva kambirimbiri moti tinkaimaliza tokha iwo akangoiyamba. Zoona zake n'zakuti ya Nicolas inali ya zitseko ziwiri ndi masilinda 6, pomwe yathu inali yaitali, ya mizere itatu ya mipando ndi masilinda 4, ndipo nthawi zambiri kumbuyo kunkakhala mbuzi. Abambo kusiyana kumeneko sankakuwerengera. Mkango ndi mkango, ankatero.

Anaigula mu 1993, yogwirapo kale ntchito, ndi ndalama za fodya wa bale, boma litangolola alimi ang'onoang'ono kulima fodya amene kale ankalimidwa m'maesiteti mokha. Tsiku limene inafika, mudzi wonse unasiya makasu. Ankaitchula kuti Pijo. Inanyamula akwati kupita kutchalitchi, amayi apakati kuthamangira kuchipatala usiku, ndi ife ana pa Khirisimasi kupita kwa agogo ku Chinthembwe, m'mapiri a Ntchisi, kumene abambo anakatenga amayi pachitengwa. Mipando inali ya anthu 7, koma ndimakumbukira titalowamo 13, osawerengera wakhanda. Pamsewu wa M1 abambo ankaponda mafuta mpaka mitengo ya bulugama kumangoti psiti psiti, amayi ali kukuwa: "APhiri, muli ndi ana m'munomu! Kuno si ku Kenya!"

Chisangalalocho chinakhala zaka 6 zokha. Boma litasiya kwacha kuti izidzipezera yokha mtengo mu February 1994, zipangizo zochokera kunja zinayamba kudula mwezi ndi mwezi. Abambo ankamanga ndi waya, kumata ndi mphira, kupemphera. Tsiku lina injini inabwata pachitunda cha ku Dowa boma, madzi nasakanikirana ndi oyilo, ndipo Pijo inabwera kunyumba pachingwe. Anati tiikonza fodya akagulidwa. Fodya anagulidwa ka 22.

Maganizo oidzutsa anabwera ndi mlongo wanga, namwino wa ku Lilongwe, abambo atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 75. Ine ndinkafuna tiwagulire suti. Iye anati suti ali nazo ziwiri ndipo zonse zikudyedwa ndi njenjete. Titakawauza, abambo anangoti chete, nadzuka kukafuna kiyi wa sutikesi. Amayi ndiwo anavuta. "Alendo angawa muwasamutsira kuti?" anafunsa akuloza nkhuku. Choncho ndalama zoyamba za ntchito yokonza Peugeot 504 zinagula nsungwi ndi misomali. Tinamanga khola lenileni, lam'mwamba, la makwerero, ndipo amayi analiyendera ngati woyesa mayeso asanavomere.

Amakanika achinyamata awiri anabwera, natsegula boneti, nafunafuna polumikizira kompyuta yawo, nabwerera. Amene anatithandiza anali mkulu wina wa pa Mponela, wa imvi mbuu, amene anaphunzira ntchito pa galimoto zomwezi. Atangoiona anavula chipewa. Anagwada, nasuzumira pansi, natiitana kuti tione: masipiling'i anayi kumbuyo, awiri mbali iliyonse, ndi shafti yobisika m'chipaipi chake kuti miyala ndi matope zisaipeze. "Mwaona, ana inu? N'chifukwa chake inkasenza mudzi wonse osakhudza pansi. Mimba yake ili m'mwamba ngati ya ng'ombe." Anamasula mapulagi, nathira dizilo m'mabowo, nati tidikire sabata. Pa tsiku la 8 anakoka ndi chisipanala chachitali, injini niti gwedee, nitembenuka. Abambo anaomba m'manja ngati mwana.

Malimu tinakawapeza ku Madisi, akadali kungolo zomwe zija. Mwini wake anamwalira kale, koma mwana wake anaseka mpaka kugwira m'mimba, natigulitsa pamtengo umene sindiutchula. Ng'ombe zake zomwezo ndi zimene zinakoka Pijo kuichotsa pansi pa mango kukafika nayo pamsewu, papaya titamudula. Mpando tinaulanda pakhonde. Zipangizo zina tinazisaka ku Lilongwe, m'timashopu ta ku Malangalanga ndi m'magalaja a ku Biwi, ndipo gasiketi ndi pampu ya madzi zinabwera ndi msuweni wathu woyendetsa thiraki ya ku Dar es Salaam. Mwayi wathu unali wakuti ngakhale 504 inatuluka ku France mu 1968 ndipo kwawoko anasiya kuipanga mu 1983, ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004, ndipo ku Kaduna, m'dziko la Nigeria, anapitirirabe pang'ono. Zitsulo zake zikadali m'mashelefu a mu Africa muno.

Ntchito inatenga miyezi 9. Pansi pa mapazi a dalaivala panali pataboola ndi zitosi za zaka zonse zija, moti wowotcherera anadula chitsulo chonse naika china. Fungo nalo linakana kusamuka mpaka tinachapa kanayi.

Tsiku loiliza, mkulu uja anathira petulo pang'ono mu kabuleta, nauza mlongo wanga kuti apotokole kiyi. Koyamba inangotsokomola. Kachiwiri inatsokomolanso, nichita ngati ikuganiza. Kachitatu kunamveka phuu! Kupaipi ya utsi kunatuluka makoko a mtedza, zitsononkho zonyenyeka ndi chisa chathunthu cha khoswe, ana amene anaunjikana kumbuyo nabalalika balalabalala. Utsi unati tolotolo, kenaka unatha, ndipo injini inakhazikika pa kaliridwe kake kaja, kofatsa, kochokera pansi pamtima, kamene ndinkakamva ndili m'tulo pamiyendo ya amayi. Mkuluyo anaika nsonga ya sikuludilaiva pa injini, chogwirira kukhutu, namvetsera ngati dokotala. "Madala," anatero kwa abambo, "uyu sanafe. Amangogona."

Mukanaiona tsiku limene inalowanso m'mudzi! Yoyera mbee ngati ufa woyanika pamphasa, mabampala ali waliwali, nyali zake zopendekeka zija zikuyang'ana anthu ngati mkazi wodziwa kuti watchena. Amayi a m'mudzi analuluta. Adzukulu anaizungulira katatu kufunafuna khola lawo. Abambo anatuluka atavala imodzi mwa masuti a njenjete aja, natulutsa kansalu m'thumba, namangirira okha kamkango pamalo pake, manja akunjenjemera. Sanalole munthu kuwathandiza.

Maso awo sakuonanso bwino, choncho ulendo wa ku Ntchisi anayendetsa ndi mlongo wanga. Tinkayesa kuti abambo akhala kutsogolo, koma potuluka tinapeza amayi atakhala kale, duku latsopano kumutu, dengu la mazira pamiyendo. "Nabanda, pamenepo m'panga," anadandaula abambo. Amayi sanatembenuke n'komwe. "Ndakusungirani galimotoyi zaka 22, aPhiri. Khalani kumbuyo ndi ana."

Kuchokera pa Mponela mpaka pa Ntchisi boma ndi phula, ndipo Pijo inangoyandama. Masewera anayamba titapatukira kumsewu wafumbi wa ku Chinthembwe, kumene msewu umakwera n'kutsika, n'kukhota pakati pa minda ya soya ndi mbatata, mvula itaukumba ngalande. Abambo ankaongolera ndi pakamwa: "Giya yachiwiri, mwanawe! Usaope, iponde!" Pachitunda china tinapeza Sienta itakhala pamimba, matayala akuzungulira pachabe, okwera onse atatsika kukankha. Mlongo wanga anapatuka pang'ono, nadutsa pamwamba pa mizere, osagunda mwala ngakhale umodzi. Tinaima kutsogolo n'kubwerera kukawathandiza, ndipo abambo, amene sanakankhe ngakhale ndi chala, anaphunzitsa dalaivala wosaukayo mbiri yonse ya 1975. Amayi nawo, amayi omwe aja a "kuno si ku Kenya", ndinawamva akunong'oneza mlongo wanga kuti aonjezereko pang'ono liwiro.

Tinakwera mpaka m'mphepete mwa nkhalango ya phiri la Ntchisi, mmene makolo ankabisala pothawa nkhondo za Angoni, ndipo kum'mawa nyanja inkaoneka ngati kansalu kobiriwira. Rediyeta sinabwate. Kwawo kwa amayi, malume anatuluka ndi ndodo yawo, nayang'anitsitsa, nafunsa ngati ili yomwe ija inawanyamula pa ukwati wawo. Pofika madzulo anyamata a m'mudzimo anali atayamba kale kupinda mawaya, kupanga timagalimoto tatitali ta mizere itatu.

Tinabwerera usiku, abambo ali mkonono pampando wa ankhoswe. M'mawa mwake ndinadzuka kukapukuta fumbi, ndipo ndinapeza kuti wina anaiwala kutseka windo. Pampando watsopano wa dalaivala panali thadzi lakuda, chidzukulu cha lakale lija, litakhala ndwii pa dzira lotentha. Ndinakweza dzanja kuti ndilithamangitse.

"Lisiye limalize," anatero amayi ali pakhonde.