Uta wa pakhoma ndi uta wolasa: phunziro la agogo ku Neno

Chithunzicho chidafika pa WhatsApp cha m'ma 9 koloko usiku: uta wothyoka pakati, nsinga ili lendelende. Pansi pake panali uthenga wa mwini wake, mnyamata wina wa ku Blantyre, wofuna kuti ndalama yake ibwerere. Amene adanditumizira zonsezi ndi msuweni wanga wa ku Neno, yemwe adasema utawo n'kuugulitsa. Funso lake lidali lalifupi: "Aise, ndimuyankhe bwanji?"

Ine kusema sindidziwa, ngakhale mpini wa khasu umandikanika. Koma kwathu alipo munthu mmodzi amene adakula ndi uta m'manja, agogo aamuna. Loweruka lotsatira ndidakwera minibasi kudutsa pa Zalewa, n'kutsika mumsewu wa ku Mwanza, kenako kabaza wa njinga yamoto adandikweza zitunda za ku Neno. Amene mudayendako mukudziwa fumbi lake.

Bizinesi ya msuweni wangayu idayamba chaka chatha ngati masewera. Adasema uta umodzi, n'kuika chithunzi pa Facebook, anthu n'kuyamba kufunsa mtengo. Ogula ambiri ndi ofuna kupachika pakhoma pabalaza, ena ovina magule, ena ojambula vidiyo ya nyimbo. Alipo alimi ochepa ofuna choopsezera anyani m'munda mwa chimanga. Ndiye pali kagulu kakang'ono ka achinyamata a m'tauni amene amakumana kumapeto kwa sabata kulasa chandamale, kungosangalala basi.

A pakhoma aja sadandaula, poti uta wawo sukokedwa. Choncho mnyamata adaphunzira changu: kudula mtengo Lolemba, kusema Lachiwiri, kulemba timaluwa ndi waya wamoto, kupaka vanishi, Lachisanu katundu ali pa minibasi, ndalama yalowa pa foni. Wa ku Blantyre uja ndiye adali woyamba kukoka nsinga mpaka patsaya. Udangoti thyo!

Tidawapeza agogo pakhonde akukonza dengu. Adayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, foni ataitalikitsa ndi maso.

"Mtengowu udadula liti, mdzukulu wanga?"

"Padapita masabata awiri, agogo."

"Ndiye iwe wagulitsa nkhuni."

Atatero adatilowetsa m'kakhitchini kawo n'kutiloza kutsindwi. Pamenepo panali ndodo zinayi zakuda bii ndi mwaye, zomangidwa pamodzi ndi luzi. Adati zidakhala pamenepo kuyambira chilimwe chapitacho, ndipo imodzi yokha ndi imene idali itakonzeka.

Zomwe adatifotokozera masana amenewo ndidalemba mu foni, ndipo nazi mwachidule. Mtengo wa uta umadulidwa mvula itatha, madzi atachepa m'thunthu. Ukhale wowongoka, wopanda mfundo, wolimba koma wolola kupindika, kutalika kwake kofika pamapewa a mwini wake kapena kupitirirapo. Ukausenda makungwa suuyanika padzuwa ayi, umang'aluka. Umauika pamthunzi, pamene utsi umafika, kwa miyezi. Ukauma ndi pamene umagwira kasemasema, kenako mpeni, kupala pang'onopang'ono kuti pakati pakhale ponenepa, kunsonga kukhale kowonda.

Chinsinsi chachikulu, malinga ndi agogo, chili kumsana kwa uta, mbali imene imayang'ana kwa nyama. Mbali imeneyo imatamuka uta ukakokedwa, ndiye siyenera kuvulazidwa. Kupala konse kumachitikira kumimba, mbali yoyang'ana kwa wolasa. Apa msuweni wanga adazolika, chifukwa timaluwa take ta waya wamoto tija adatilemba kumsana komweko. Pamene uta udathyokera ndi pomwe panali duwa lalikulu.

Ukapala pang'ono umapinda pabondo kuona ngati mbali ziwiri zikugonja mofanana. Ina ikauma khosi, umaipalanso. Pomaliza umauwamba pamakala n'kuupaka mafuta a nsatsi kuti usalowe chinyezi. Nsinga kale inkakhala ya chikopa chopota. Lero ambiri amagwiritsa nayiloni kapena ulusi wa m'matayala. Mivi ndi ya bango louma, nthenga za nkhanga kapena nkhuku, mutu wake msomali wosulidwa. Ndipo malamulo awiri adawabwereza kawiri: ukamaliza kulasa masula nsinga uta upume, komanso usamasiye nsinga yokoka popanda muvi, chifukwa mphamvu yonse imabwerera mumtengo.

Ndikumvetsera, ndidazindikira kuti uta timautchula tsiku ndi tsiku osauganizira. Mvula ikakata timaloza utawaleza. Popemphera ambiri timati Chauta. Tikamachenjeza mnzathu wozengereza timati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Mawu adatsala, koma chinthu chenichenicho chikutha.

Ngakhale mapiri a Kirk Range, amene amadutsa ku Neno kuno m'malire ndi Mozambique, ali ndi nkhani ya muvi. Dzinali ndi la John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene adayenda ndi David Livingstone paulendo wa mumtsinje wa Zambezi ndi Shire womwe udayamba mu 1858. Kirk adaona alenje a m'chigwa cha Shire akupaka mivi yawo ulembe wa kombe. Tsiku lina mswachi wake udakhudzana ndi kombeyo, ndipo atatsuka mano adamva kuwawa m'kamwa, kugunda kwa mtima wake n'kutsika. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku yunivesite ya Edinburgh adafufuza njere zake, ndipo pofika m'ma 1885 zidasanduka mankhwala a mtima ku Ulaya. Nzeru za alenje athu zidakafika m'zipatala zakunja, eni ake osatchulidwa n'komwe.

Nanga n'chifukwa chiyani lusoli likufa? Agogo sadavutike kuyankha. Nyama zimene ankasaka pa uzimba kulibenso m'tchire la pafupi. Zotsalazo zili m'malo otetezedwa ngati Majete, ku Chikwawa, ndipo lamulo la nyama zakutchire lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017 limafika mpaka zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu. Palibe wanzeru angalimbikitse mnyamata kubwerera kokasaka. Chachiwiri ndi mitengo. Aliyense wodutsa pa Zalewa amaona matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Agogo adati ndodo zinayi zija adakazipeza atayenda theka la tsiku, pamene kale ankadula kuseri kwa dimba. Ndipo wotentha makala amalandira ndalama yake sabata yomweyo, wosema uta adikire miyezi. Mukadakhala inu mukadasankha chiti?

Komatu uta uli ndi moyo wina umene sufuna magazi. Kulasa chandamale ndi masewera a Olimpiki, ndipo Malawi adafikako. Areneo David adaimira dziko lino ku Rio de Janeiro mu 2016 komanso ku Tokyo pa masewera a 2020, omwe adachitika mu 2021, ataphunzitsidwa ndi Sally Park wa ku South Korea. Kumeneko amalasa ali pamtunda wa mamita 70, chandamale chake chotambalala masentimita 122. Mauta awo ndi a kufakitale, a madola mazanamazana, oti mwana wa ku Dambe kapena ku Lisungwi sangawakwanitse. Koma diso, mpweya ndi mapewa zimaphunziridwa pa uta wa mtengo ndi thunthu la nthochi. Nditawaonetsa agogo vidiyo ya mpikisano wotere adagwedeza mutu, akudabwa kuti anthu amakwera ndege kukalasa pepala.

Apa ndi pamene ndikuona kuti tianyamata tolasa chandamale tija, ngakhale ndi tochepa komanso tovuta, ndi timene tingapulumutse lusoli. Wogula wa pakhoma amalipira maonekedwe, ndipo wosema amaphunzira kukongoletsa. Wogula wolasa amalipira uta wogwira ntchito, ndipo wosema amakakamizika kubwerera kwa agogo kukafunsa. Dandaulo la mnyamata wa ku Blantyre lidachita zomwe ife adzukulu tidalephera zaka zonsezi: kutikhazika pansi kumvetsera.

Madzulo agogo adatsitsa ndodo yokonzeka ija n'kumupatsa msuweni wanga, koma ndi mawu akuti asemere pakhonde pawo, iwo akuona. Mnyamata adalemba uthenga wopepesa, n'kumuuza kasitomala wake kuti asankhe: ndalama ibwerere lero, kapena adikire masabata atatu alandire uta weniweni. Yankho lidabwera tisanadye nsima. Adikira, koma akufuna vidiyo ya utawo ukulasa asanautumize.

Vuto latsala ndi la mtengo, uwu wa ndalama. Msuweni wanga akuopa kuti akakweza, a pakhoma athawa. Agogo akuti agulitse mitundu iwiri ndipo anene zoona pa uliwonse: uwu ngwokongoletsa, osaukoka; uwu ngwolasa, ndipo mulipire miyezi imene udakhala kutsindwi. Adawonjezanso kuti pa ndodo iliyonse imene adule, asiye chitsa choti chiphukire.

Inu amene mukuwerenga pa foni, ngati mukufuna kugula uta funsani mafunso atatu: mtengo udadulidwa liti, kumsana kudasemedwa kapena ayi, ndipo wogulitsayo angaukoke inu mukuona? Mukaupeza, lasani kumalo kopanda anthu ndi ziweto kuseri kwa chandamale, poti muvi ukachoka subwezedwa. Ndipo ngati kumudzi kwanu kuli agogo amene ali ndi ndodo zakuda kutsindwi, pitani ndi foniyo ili ndi moto wokwanira. Ine yanga idazima agogo ali pakati pofotokoza kapotedwe ka nsinga, ndiye mwezi wamawa ndikubwereranso.