Fumbi la ku Mzimba limafupikitsa moyo wa oyilo wa galimoto

Galimoto za boma zomwe zimagwira ntchito m'misewu yafumbi ya kummwera kwa boma la Mzimba zikuyenera kusinthidwa oyilo pa makilomita pafupifupi 5,000 alionse, kapena pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale zitathiridwa oyilo wa semi-synthetic yemwe kawirikawiri amatchulidwa kuti amafika makilomita 10,000.

Funso la nthawi yosinthira oyilo limabutsa mtsutso m'maofesi pakati pa madalaivala, omwe amafuna kuti galimoto ipite kusevisi msanga, ndi akuluakulu oyang'anira chuma, omwe amaona kuti oyilo wokwererako mtengo ayenera kukhalitsa. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Oyilo ndi fyuluta ndi katundu wodalira ndalama zakunja, ndipo mitengo yake inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma mtengo wa oyilo wa chaka chonse ndi wochepa pouyerekeza ndi ndalama zokonzetsera injini imodzi ya ambulansi ikawonongeka, osanenanso za odwala omwe amasowa mayendedwe galimotoyo ili pamiyala.

Oyilo wa semi-synthetic ndi wosakaniza mitundu iwiri: oyilo wamba, woyengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndi oyilo wa synthetic, yemwe amakonzedwa mwapadera kufakitale kuti azipirira kutentha komanso kuti asamalimbe kukazizira. Pamwamba pa izi amawonjezeramo mankhwala otsuka injini, ochepetsa kuperepeseka kwa zitsulo ndi ena othana ndi asidi. Chomwe ogula ambiri sadziwa n'chakuti palibe mlingo umodzi womwe makampani onse amatsata pa kasakanizidweka. Kawirikawiri gawo la synthetic silipitirira 30 peresenti, ndipo m'zigubu zina limachepera pamenepo.

Ngakhale liwu lakuti synthetic lenilenilo linasintha tanthauzo m'chaka cha 1999 ku America, pomwe mkangano wa pakati pa makampani a Mobil ndi Castrol unathera pololeza kuti oyilo wokumbidwa pansi koma woyengedwa kwambiri azitchedwanso synthetic. Choncho dzina lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo kwa chigubu ndi la malonda. Zofunika kwa ogula katundu wa boma zili pa timalemba tating'ono: kulemera kwa oyilo, monga 10W-40 kapena 15W-40, ndi mlingo wa bungwe la American Petroleum Institute, lomwe chidule chake ndi API. Mlingo woyamba ndi chilembo S, monga SL, SN kapena SP, ndi wa injini za petulo, pomwe woyamba ndi C, monga CH-4 kapena CI-4, ndi wa injini za dizilo. Oyilo wa semi-synthetic wa mlingo wolakwika amaposedwa ndi oyilo wamba wa mlingo womwe wopanga galimoto analamula.

Mabuku a malangizo a galimoto zambiri ali ndi ndondomeko ziwiri za sevisi, ngakhale kuti yomwe imatchuka ndi yoyamba yokha. Ndondomeko yoyambayo ndi ya galimoto yoyenda maulendo ataliatali pamsewu wa tala, ndipo ndi pamenepo pomwe oyilo wa semi-synthetic amafika makilomita 8,000 mpaka 10,000 popanda vuto. Yachiwiri ndi ya galimoto yogwira ntchito movutikira, ndipo kawirikawiri imadula mtundawo pakati. Mabukuwa amatchula momveka zomwe akutanthauza ponena za kuvutikira: misewu yafumbi kapena yamatope, maulendo afupiafupi obwerezabwereza, kuyimitsa galimoto nthawi yaitali injini ikulira, kunyamula katundu wolemera komanso kukwera mapiri pa liwiro lochepa.

Aliyense wodziwa kummwera kwa Mzimba angaone kuti mndandandawu ukufotokoza ntchito ya tsiku ndi tsiku ya galimoto za zaumoyo, zaulimi, zamaphunziro ndi za khonsolo ya M'mbelwa. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa ena onse m'dziko muno, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 900,000, osawerengera mzinda wa Mzuzu. Msewu wa M1 umadutsa pa Jenda ndi Luwawa kulowera ku Chikangawa, koma anthu ambiri omwe boma limawatumikira amakhala kutali ndi tala, ndipo galimoto yopita kumadera monga Khosolo kapena midzi ya kumalire ndi dziko la Zambia imathera maola ambiri m'fumbi nthawi yachilimwe ndi m'matope nthawi yadzinja.

Fumbi limalowa mu injini kudzera mu mpweya. Fyuluta ya mpweya imatchinga lambiri, koma tina timadutsa ndithu, maka fyulutayo ikakalamba, ikang'ambika poipopa ndi mpweya wamphamvu, kapena paipi yake ikamasuka ndi mabampu. Fumbili kwenikweni ndi mchenga wosalala kwambiri, ndipo likasakanikirana ndi oyilo limayamba kupala zitsulo zomwe oyiloyo amayenera kuziteteza. Apa ndi pomwe chiyembekezo cha ambiri pa oyilo wokwera mtengo chimaphonya. Oyilo wa semi-synthetic amaposa oyilo wamba popirira kutentha, koma alibe mphamvu yosungunula mchenga. Litsiro likalowa limachoka pokhapokha oyilo atakhetsedwa ndipo fyuluta yake itasinthidwa. Galimoto zoyenda pamdipiti, monga zimakhalira pa maulendo a akuluakulu, ndi zomwe zimameza fumbi lochuluka, maka za kumbuyo.

Injini za dizilo, zomwe zili m'galimoto zambiri za boma za mtundu wa Toyota Land Cruiser ndi Hilux, zili ndi vuto linanso la mwaye womwe umatsikira mu oyilo. M'chaka cha 2017 dziko la Malawi, pamodzi ndi Mozambique ndi Zimbabwe, linayamba kugwiritsa ntchito dizilo wa sulphur wochepa, zomwe zinachepetsa asidi yemwe ankawononga oyilo msanga. Kusinthaku kunathandiza, koma sikunachotse mwaye, ndipo phindu lake limatha galimoto ikathiridwa mafuta a m'zigubu osadziwika komwe achokera, monga zimachitikira mafuta akasowa. Dizilo wosakanizidwa ndi parafini kapena madzi sapsa bwino, ndipo zotsalira zake zimathera mu oyilo.

Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti galimoto yomwe imangozungulira pa boma, kuchoka kunyumba ya bwana kupita kuofesi, kubanki ndi kumsika, imawononga oyilo msanga kuposa yomwe imapita ku Lilongwe sabata iliyonse. Injini ikamapsereza mafuta imatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo ina imalowa mu oyilo pamodzi ndi mafuta osapsa. Paulendo wautali oyilo amatentha mokwanira ndipo madziwo amauma. Paulendo wa makilomita atatu kapena asanu, maka m'mawa wa miyezi ya Juni ndi Julayi pomwe ku Mzimba ndi kumapiri a Viphya kumazizira kwambiri, injini imazimitsidwa isanatenthe, ndipo madzi amatsalira n'kuyamba kupanga phala lakuda lomwe limatseka tinjira ta oyilo. N'chifukwa chake malire a miyezi ali ofunika chimodzimodzi ndi a makilomita. Galimoto yomwe yayenda makilomita 2,000 okha m'miyezi isanu ndi umodzi yafika kale nthawi yake. Yomwe yakhala pamiyala chaka chonse kudikira matayala iyeneranso kusinthidwa oyilo isanabwerere pamsewu.

Palinso maola omwe mita ya makilomita siwerenga. Ambulansi yodikira wodwala pachipatala chaching'ono, kapena galimoto yodikira mkulu ali pamsonkhano injini ikulira kuti mkati muzizizira, ikugwiritsa ntchito oyilo ngakhale ili chiimire. Kampani ya Ford imawerengera ola limodzi lotere ngati makilomita pafupifupi 40.

Kwa ofesi yokonza bajeti, zonsezi zikutanthauza kuti sevisi siyenera kuwerengedwa mofanana pa galimoto zonse. Kuchoka pa boma la Mzimba kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 100. Ambulansi yotumiza odwala kuchipatala chachikulu cha Mzuzu katatu pa sabata imayenda makilomita oposa 600, ndipo imakwanitsa 5,000 m'miyezi iwiri yokha. Ikanakhala kuti imayenda pa tala pokhapokha, mtundawo ukanatha kutalikitsidwa, koma ambulansi yomweyo ndi imenenso imakatenga odwala kumidzi. Galimoto yotere imafuna oyilo watsopano kasanu ndi kamodzi pa chaka, ndipo ndondomeko yoika sevisi kamodzi pa miyezi itatu iliyonse imaisiya ikuyenda masabata angapo ndi oyilo wotha ntchito.

Njinga zamoto za alangizi azaulimi ndi azaumoyo zimafuna chisamaliro choposa pamenepa. Injini ya njinga yaing'ono imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi, imazizira ndi mphepo yokha, ndipo oyilo yemweyo amatumikiranso magiya ndi kilatchi. Zambiri zimafuna oyilo watsopano pakati pa makilomita 2,000 ndi 3,000, ndipo m'fumbi n'kwanzeru kutsata malire a m'munsiwo. Oyilo wake ayenera kukhala ndi chizindikiro cha JASO MA kapena MA2. Kuthira oyilo wotsala wa galimoto pofuna kupulumutsa ndalama kungachititse kuti kilatchi iziterereka.

Pali zizolowezi ziwiri zomwe zimasocheretsa anthu. Choyamba ndi kuweruza oyilo potengera mtundu wake. Oyilo wa mu injini ya dizilo amada patangopita masiku ochepa, ndipo kudako kumangosonyeza kuti akunyamula mwaye monga ayenera kuchitira. Zizindikiro zoyenera kudetsa nkhawa ndi zina: oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, zomwe zimasonyeza kuti mwalowa madzi, oyilo wonunkha dizilo kapena petulo, mlingo womwe ukukwera pa kachitsulo koyezera m'malo motsika, komanso timchenga tomveka akamupekesa pakati pa zala. Galimoto yomwe yawoloka mtsinje wodzaza nthawi yadzinja iyenera kuyezedwa oyilo tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi kuganiza kuti kuwonjezera oyilo n'chimodzimodzi kusintha. Injini yakale yomwe imamwa oyilo imathiridwa watsopano pafupipafupi, koma litsiro lonse limakhala momwemo. Kusakaniza oyilo wamba ndi wa semi-synthetic pomwe dalaivala wapanikizika ku Edingeni kapena ku Embangweni sikuwononga injini, malinga kulemera ndi mlingo wake zikugwirizana, koma kuchokera pamenepo galimotoyo iwerengedwe ngati ili ndi oyilo wamba. Fyuluta ya oyilo nayo iyenera kusinthidwa nthawi iliyonse oyilo akusinthidwa, chifukwa yakale imasunga oyilo wakuda yemwe amadetsa watsopano injini ikangolizidwa.

Maofesi ayeneranso kusamala ndi manambala ochokera pa intaneti. Malangizo ambiri a kumeneko amalembedwa ku America ndi ku Britain, komwe mtunda umayezedwa m'mamailosi, ndipo amaganizira misewu ya tala. Mamailosi 5,000 ndi makilomita pafupifupi 8,000. Galimoto zambiri zochokera ku Japan ndi ku South Africa zimawerenga makilomita, pomwe zochokera ku Britain zimawerenga mamailosi, kotero kuti galimoto ya ku Britain yomwe yalembedwa kuti ibwerenso ikayenda 5,000 imakhala itapitirira malire ndi makilomita 3,000 pofika tsikulo. Pa galimoto yotere nambala yoyenera kuwonjezera pa mita ndi 3,000.

M'buku la maulendo a galimoto, pambali pa tsiku ndi nambala ya pa mita, payenera kulembedwanso mtundu wa oyilo yemwe wathiridwa, kulemera kwake, mlingo wake wa API, malita omwe alowa, komanso ngati fyuluta ya oyilo ndi ya mpweya zasinthidwa, kuti dalaivala wina akailandira galimotoyo kapena ikatumizidwa kudera lina adziwe poyambira kuwerenga.